NAKONDE: KUMENE GALIMOTO YA LIWIRO IMAPHUNZIRA KUDIKIRA

DZUWA lisanatuluke pa Nakonde, malole a mkuwa ndi mathanki a mafuta amakhala atandanda kale m'mbali mwa mseu, ndipo utsi wa mbaula za amai ophika tiyi umasanganikirana ndi utsi wa dizilo. Tauni imeneyi iri m'Cigawo ca Muchinga, pa malire a Zambia ndi Tanzania. Kutsidya kwa cipata kuli Tunduma, kumene nthawi iri patsogolo ndi ola limodzi: ikamakwana 7 koloko ku Nakonde, ku Tunduma imakhala itakwana kale 8 koloko.

Pakati pa malole akuluakuluwo pamaima magalimoto ang'onoang'ono okutidwa ndi fumbi, amene alibe manambala a dziko lino koma zilembo za IT, kusonyeza kuti ku Tanzania anali kungodutsa. Awa ndiwo magalimoto ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan. Ambiri ndi a banja kapena a malonda, monga Toyota Corolla, Vitz ndi maminibasi a Hiace. Koma kamodzikamodzi pamzerepo pamapezeka galimoto yosiyana ndi ena onse: yofupika, yokwawa pansi ngati fulu, ya zitseko ziwiri ndi mipando iwiri yokha. Imeneyo ndiyo galimoto ya liwiro, monga Nissan Fairlady Z. Anyamata ogulitsa mazira owiritsa amaizungulira, oyendetsa malole amapukusa mitu, ndipo mwini wace amaima pambali atakumbatira mapepala. Anaigula kuti izithamanga, koma pano iyenera kudikira monga wina aliyense.

Ulendo Uyambira ku Japan

M'dziko la Japan muli lamulo lakuti galimoto yatsopano ipimidwe ikatha zaka 3, ndipo pambuyo pace zaka 2 ziri zonse. Kupimitsako kumadya ndalama zambiri, kotero eni ace ambiri amasankha kugulitsa galimoto ikali yabwino ndi kugula ina. Magalimotowo amapita ku misika ya okushoni, ndipo amalonda amaika zithunzi zao pa intaneti pamodzi ndi mtengo wa madola. Popeza ku Japan, ku Tanzania ndi kuno ku Zambia magalimoto amayenda kumanzere kwa mseu, ciwongolero cimakhala ciri kale kumbali yoyenera.

Fairlady Z yopangidwa pakati pa 2002 ndi 2008 imaoneka yochipa pa cithunzi, cifukwa kwao ndi nkhalamba. Apa ndi pamene ambiri amakodwa, kuiwala mau a akulu akuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pamwamba pa mtengo wolembedwawo, wogula ayenera kulipira sitima, inshuwalansi ya panyanja ndi kupimitsa galimoto isanakwezedwe, pakuti bungwe la Zambia Compulsory Standards Agency limafuna satifiketi yosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamseu. Yofika popanda satifiketi imeneyo imalipitsidwa faindi. Sitima zimanyamuka pa madoko monga Yokohama, Nagoya ndi Kobe, ndipo zimatha mwezi kapena kuposerapo zisanakoceze pa Dar es Salaam.

Mseu wa ku Tanzania

Kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Tunduma ndi makilomita opitirira 900. Galimoto ya IT siiloledwa kupita kumene ifuna. Iri ndi njira yace yolembedwa, masiku owerengeka ndi malo oonetsa mapepala, cifukwa siinalipire msonkho wa ku Tanzania. Ikasowa panjira, ejenti amene anaiperekera cikole ndiye amayankha mlandu.

Mseu umadzera ku Chalinze ndi ku Morogoro, nulowa m'nkhalango yosungiramo nyama ya Mikumi, m'mene mbidzi, nyamalikiti ndi anyani amadutsa pa phula, ndipo zikwangwani zimacenjeza kuti wogunda nyama adzalipira. Kenaka umakwera phiri lokhotakhota la Kitonga, kumene malole olemedwa amakwawa ngati nkhono ndipo kupitirira mnzako pa kona ndiko kuseweretsa moyo. Pamwamba pace pali dziko lozizira la Iringa, Mafinga ndi Makambako, kufikira ku Mbeya ndi ku malire.

Komabe mdani wamkulu wa galimoto ya liwiro pa ulendowu si phiri ai, koma mahampu, amene ali pa mudzi waukulu uli wonse. Pakati pa mimba ya Fairlady Z ndi phula pangokwana cikhato cimodzi, motero woyendetsa ayenera kukwera hampu cam'mbali, tayala limodzi limodzi, pamene basi ikumlizira hutala kumbuyo. M'matauni liwiro lololedwa ndi makilomita 50 pa ola, ndipo apolisi amaima ndi makina ao opimira. Potsiriza galimoto yokhoza kuthamanga makilomita 180 pa ola imafika ku Tunduma tsiku limodzi ndi ka Vitz.

Njira Imene Inapulumutsa Dziko

Acinyamata obwera kudzatenga magalimoto ao ayenera kudziwa mbiri ya mseu umene akuyendamo. Pa 11 Novembala, 1965, boma la Ian Smith ku Rhodesia linadzilengeza lokha kukhala pa ufulu, ndipo posakhalitsa mafuta obwera ku Zambia kudzera kum'mwera anaduka. Malole anayamba kututa migolo ya petulo kucokera ku Dar es Salaam pa mseu wa dothi, wa matope m'dzinja ndi wa fumbi m'cirimwe. Ngozi zinacuruka kotero kuti mseuwo unachedwa Hell Run, ndiko kuti ulendo wa ku moto.

Mu 1968 paipi ya mafuta ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710, inafika ku Ndola. Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, inamangidwa ndi thandizo la dziko la China pakati pa 1970 ndi 1975, m'masiku a Pulezidenti Kenneth Kaunda ndi Pulezidenti Julius Nyerere. Njanjiyo imadutsa pa Nakonde pomwepa. Cipata cimene lero cimalandira magalimoto a cisangalalo ndico cinali khomo la moyo wa dziko.

Pa Cipata

Mu Okutobala 2019 Pulezidenti Edgar Lungu ndi Pulezidenti John Magufuli anatsegula pa Tunduma malo oti akasitomu a maiko awiriwa azigwirira nchito pamodzi, kuti apaulendo asamaime kawiri. Ngakhale ziri tero, mapepala sanacepe. Wogula ayenera kukhala ndi nambala yace ya msonkho, imene imachedwa TPIN, lisiti yogulira, pepala la sitima, ndi satifiketi ya ku Japan yosonyeza kuti galimoto inafafanizidwa m'kaundula wa kumeneko. Ejenti wa laisensi ndiye amalowetsa zonsezi m'kompyuta ya Zambia Revenue Authority, bungwe limene lakhala likusonkhetsa misonkho kuyambira mu 1994. Pamenepo wa kasitomu amatuluka kukaona nambala ya chasisi. Cilembo cimodzi cikasiyana ndi ca pa pepala, galimoto siisuntha.

Kale kunali mikangano yambiri pa mtengo weniweni wa galimoto, cifukwa ena anali kubweretsa malisiti ocepetsedwa. Kuyambira mu 2018 msonkho wa magalimoto ogwirapo kale nchito unaikidwa pa mndandanda, molingana ndi mtundu wa galimoto, zaka zace ndi kukula kwa injini. Apa ndi pamene mwini galimoto ya liwiro amatuluka thukuta. Injini ya Fairlady Z ndi ya 3,498 cc, ndipo imagwera m'gulu lapamwamba, la mainjini opitirira 3,000 cc. Ngakhale munthu anaigula mochipa motani, mndandanda sumamva zimenezo, ndipo msonkho ukhoza kuyandikira mtengo umene analipira ku Japan. Pamwamba pace pali msonkho wa utsi, umenenso umakwera ndi kukula kwa injini ndipo umalipiridwa caka ciri conse.

Wofika ndi ndalama zoperewera amasiya galimoto m'bwalo losungiramo, kumene tsiku liri lonse liri ndi mtengo wace. Ena amakhala atakongola ku banki, ena atagulitsa puloti kapena ng'ombe za banja. Galimoto ikakhalitsa yosaomboledwa, lamulo limalola Boma kuilanda ndi kuigulitsa pa okushoni. M'mabwalo otero mumaoneka magalimoto ophwa matayala, udzu utamera mozungulira.

Tauni Yodya za Odikira

Eni nthaka ya kuno ndi Anamwanga, amene mfumu yao yaikazi m'boma la Nakonde ndi Nawaitwika. Malire amene Angerezi ndi Ajeremani anagwirizana mu 1890 anadula mtunduwu pakati, kotero kuti mpaka lero pali mabanja amene ali ndi abale mbali zonse ziwiri. Pamsika pamamveka Cinamwanga, Cibemba, Ciswahili ndi Cinyanja, ndipo Kwacha ndi Shilingi zimasinthana m'manja tsiku lonse.

Munthu wodikira galimoto yace ndiye cuma ca tauniyi. Amalipira cipinda cogona, amadya nsima ndi nkhuku m'malesitilanti, amatsukitsa galimoto, ndipo pobwerera saiwala thumba la mpunga wonunkhira wa ku Nakonde, umene ndi wochuka m'misika ya ku Lusaka ndi ku Copperbelt. Mwini Fairlady Z yekha ndiye amasowa poika thumbalo.

Pakati pa anthu oona mtima palinso akathyali. Amathamangira mlendo akangotsika basi, nadzicha maejenti, nalonjeza kuti msonkho adzaucepetsa. Wopereka ndalama kwa otere amatsala ndi nambala ya foni yosayankhidwa. Safunsa anadya phula: munthu ayenera kuona laisensi ya ejenti, kulipira msonkho ku banki ndi kusunga lisiti ya Boma.

Kulowera Kum'mwera

Cipata cikatseguka pamatsala makilomita pafupifupi 1,000 kuti munthu afike ku Lusaka, kudzera ku Isoka, pa mphambano ya Chinsali, ku Mpika, Serenje, Kapiri Mposhi ndi Kabwe. Great North Road imanyamula katundu wolemera wa Zambia ndi wa ku Congo usana ndi usiku, ndipo kumene malole afukula phula, galimoto yotsika imayenda mwamantha. Matayala ace ndi opyapyala m'mbali. Dzenje limodzi likhoza kuphulitsa tayala ndi kupinda limu, ndipo saizi yace siipezeka m'sitolo ya kumudzi. Oyendetsa odziwa njirayi amanyamuka m'bandakuca, nagona pa Mpika kapena pa Serenje dzuwa likalowa.

Pofika ku Lusaka nchito ikalipo. Apolisi a Interpol ayenera kutsimikiza kuti galimoto si yakuba, a Road Transport and Safety Agency amaipima ndi kuilembetsa, ndipo pamenepo ndi pamene zilembo za IT zimacotsedwa ndi kuikapo nambala ya Zambia. Kucokera tsikulo mwini wace amayamba kudziwana ndi mtengo wa petulo, wa sipeyala zoitanitsa kunja ndi wa makaniki wodziwa injini yotere. Walira mvula walira matope.

Palibe lamulo loletsa nzika kugula galimoto imene mtima wace wakonda. Cofunika ndi kuwerenga ndalama za ulendo wonse asanatumize dola ndi imodzi yomwe ku Japan: sitima, doko, ejenti, woyendetsa, mafuta, msonkho ndi masiku odikira. Mndandanda wa misonkho uli poyera ku maofesi a Zambia Revenue Authority, ndipo kufunsa sikulipiridwa. Amene anawerenga bwino amagona pa Nakonde masiku ocepa napitirira. Amene anangoona cithunzi amabwerera kwao pa basi, makiyi ali m'thumba, galimoto itatsala kumbuyo kwa waya.