Mphepo ya Kumadzulo kwa Kapelula

Ife a kunyanja mphepo timaidziwa ndi maina ake. Mwera ukauka mwezi wa June kapena July, asodzi a ku Nkhotakota amakokera ngalawa kumtunda. Mpoto ukayamba kuomba, timati dzinja layandikira. Tinkayesa kuti nzeru zimenezi zimathera pagombe, kufikira pamene tinakacheza kwa Kapelula, m'boma la Kasungu, kumapeto kwa November.

Kumeneko dziko ndi lathyathyathya ndiponso lokwera, mamita pafupifupi 1,000 pamene nyanja yathu ili pa mamita osakwana 500, n'chifukwa chake usiku tinapempha bulangeti. Bambo amene anatilandira anali ndi mbande za fodya zokwana kuwoka, koma nthaka inali gwaa. Zikakhalitsa mu nazale zimakulitsa. Akaziwoka pouma zimapserera, ngongole ya feteleza ili pakhosi. Madzulo aliwonse ankatuluka kuseri kwa chigafa n'kumayang'ana kumpoto chakumadzulo.

"Ikachokera uko, Aphunzitsi, ndiye kuti mvula ili m'njira," anatero.

Akatswiri a zanyengo amanenanso zomwezo, kungoti m'mawu ena. Mpweya ukakhalitsa pamalo umatengera khalidwe la malowo. Wodzera m'nkhalango za ku Congo ndi wofunda, wodzaza chinyezi. Wochokera kummwera chakummawa, ku nyanja ya India, ndi wozizirirapo. Umenewu ndiye mwera wathu uja. Iwiriyi ikakumana, kothawira kulibe koma kumwamba. Mpweya ukakwera umazizira, chinyezi n'kusanduka mitambo yakuda ya mabingu. Malo okumaniranawo sakhazikika. Amatsata dzuwa: amatsikira kuno cha mu November ndi December, nabwerera kumpoto cha mu March ndi April. Pa wailesi amawatchula kuti ITCZ, ndipo ambiri a ife timangomva dzinalo ngati la mankhwala. Chaka chimene mvula ya kumeneku ichepa, monga mu 2024 pamene El Niño anaumitsa chimanga m'maboma ambiri, mlimi wa ku Kasungu ndi wogula ufa wa kunyanja amalira limodzi.

Tsiku lachitatu masana kunatentha modetsa nkhawa, masamba osagwedera. Kenaka fumbi linauka kumadzulo, kamphepo kofunda kakununkha dothi lonyowa. Mvula inagwa usiku wonse. M'mawa tinapeza banja lonse lili m'mizere ndi madengu a mbande, ndipo nafenso anatipatsa dengu lathu.