Musatengeke ndi manambala a pabokosi la kamera

Ndalama za fodya zikalowa, kuno ku Madisi ena amagula malata, ena njinga yamoto. Ine chaka chino ndagula kamera yaing'ono ya vidiyo, ndipo anzanga akundifunsa kuti kodi foni yanga yatani.

Foni imajambula, inde. Koma tayesani kujambula mganda mutaima kumbuyo kwa khamu. Mukati mukokere chithunzi pafupi, ovina amangooneka ngati ali m'chifunga. Wina akakuimbirani, vidiyo ija yaduka.

Chimene chinandikakamiza kwenikweni ndi agogo anga aakazi a ku Ntchisi. Iwo okha ndiwo atsala odziwa mayina a makolo athu, kumene fuko lathu linachokera, komanso nyimbo zapamtondo. Mawu awo akuchepa mphamvu chaka ndi chaka.

M'masitolo a ku Lilongwe muli timakamera topanda dzina lodziwika, tolembedwa 4K ndi mamegapikiselo 48 pabokosi, pamtengo wonyengerera. Zambiri mwa izi n'zokopera ogula basi. Funso loyamba likhale lakuti: kodi imakokera chithunzi ndi magalasi enieni? Pabokosi amalemba optical zoom. Inayo, digital zoom, imangofufumitsa chithunzi ngati thumba lopanda kanthu.

Ndinasankha Sony Handycam CX405 yakaunjika. Magalasi ake amakoka ka 30, imasunga vidiyo pakakhadi kamemore, ndipo imatchajidwa ndi chingwe cha USB. Zachingwezi si zazing'ono. Kumudzi kwa agogo kulibe magetsi, tsono kabatire kasola n'kokwana. Zithunzi wamba zake n'zapakatikati, foni yabwino imaiposa. Zimenezo ndinavomera.

Ndisanalipire, ndinapempha wogulitsa kuti andilankhule chapansipansi ataima patali mapazi asanu, kenaka tinamvetsera limodzi. Anadabwa, ati makasitomala onse amangoyang'ana chithunzi. Kamerayi ilibe polumikizira maikolofoni ina, choncho mphepo ya kumapiri a Ntchisi ikamaomba, ndimakhazika agogo pakhonde, ine n'kuyandikira.

Tsiku loyamba anakana, ati sangajambulidwe atavala chitenje chakumunda. Atasintha, analankhula ola lathunthu mpaka batire inatha asanafike n'komwe pa ukwati wawo. Loweruka likubwerali ndibwererako ndi batire yachiwiri.