Uthenga Wosadikira Malonje

Katemera wambiri amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8. Firiji ikafunda usiku popanda wodziwa, m'mawa ana amabayidwa mankhwala otha mphamvu. Pa chifukwa ichi, pa ntchito yanga ya chaka chomaliza ndidalumikiza kachipangizo koyeza kuzizira kwa firiji pa chipatala china chaching'ono cha pakati pa Jenda ndi Embangweni, kuti kazitumiza manambala ku kompyuta ya ku Mzimba boma kudzera pa netiweki ya foni.

Kachipangizoka kamayendera pulogalamu ya FreeRTOS, ndipo zotumiza mauthenga kamadalira lwIP, imene adalemba Adam Dunkels wa ku Sweden. Pamenepa ndidayenera kusankha njira imodzi mwa ziwiri, TCP kapena UDP.

TCP ili ngati mlendo waulemu amene sanena chomwe wadzera asanachite malonje. Makina awiri amayamba apatsana mauthenga atatu, ndipo mutu wa uthenga uliwonse umadya mabayiti osachepera 20. Kudera kumene netiweki imabwera n'kuthawa, ulemu woterewu umadyetsa nthawi ndi batire. UDP, imene David Reed adaifotokoza mu 1980, mutu wake ndi wa mabayiti 8 okha. Imangoponya uthenga n'kupitiriza, monga timachitira kwathu popatsira kalata transipota wopita ku Joni.

Mu fayilo ya lwipopts.h ndidalemba 1 pa LWIP_UDP ndi 0 pa LWIP_TCP, ndipo memore idapuma. Ntchito yeniyeni idali patsogolo, pakuti UDP silonjeza kuti uthenga ufika, kapena kuti mauthenga afika mwa ndondomeko yake. Motero uthenga uliwonse ndidaupatsa nambala ndi nthawi, kuti wina ukasowa mpata wake uzioneka. Manambala a nthawi zonse amapita pa mphindi 10 zilizonse, ndipo wina ukatayika sindidandaula chifukwa mnzake ali m'njira. Koma firiji ikapitirira madigiri 8, kachipangizoka kamabwereza chenjezo kufikira ku boma atavomera kuti amva.

Chomwe ndidatolapo n'chakuti mauthenga salemera mofanana. Makina sadziwa kuti nambala iyi ndi wamba, iyo ikukhudza moyo wa khanda. Amene amasiyanitsa ndi munthu wowakonzayo, ndipo asanagwire kompyuta ayenera kukhala pansi ndi anamwino n'kumva chomwe amaopa.