USODZI WA M'MADZI OZIZIRA

Kutali ku America, m'chigawo cha Tennessee, kuli nyanja yotchedwa Reelfoot. Nyanjayi inabadwa chifukwa cha zivomezi zazikulu za m'zaka za 1811 ndi 1812. Nthaka inatitimira, ndipo madzi anamiza nkhalango imene inali pamenepo. Kufikira lero zitsa zambiri zili pansi pa madzi, ndipo m'zitsamo ndimo mumakonda kukhala nsomba yotchedwa crappie.

Crappie ndi nsomba yaphanthiphanthi, yofanana msinkhu ndi chambo chaching'ono. Ilipo ya mitundu iwiri: yoyera, ya mizere m'nthiti, ndi yakuda, ya mawangamawanga. Yoyera yaikulu koposa zonse inagwidwa m'chigawo cha Mississippi m'chaka cha 1957, ndipo inalemera makilogalamu awiri ndi pang'ono.

Kumeneko nyengo yachisanu imatha m'mwezi wa Malichi, pamene kuno kwathu tikudya chimanga chachiwisi. Dzuwa limayamba kufunda, koma madzi amakhala akadali ozizira. Thupi la nsomba limatsata kuzizira kwa madzi. Motero crappie imayenda mwaulesi, imadya pang'ono, ndipo siithamangira nyambo. Msodzi wopupuluma amabwerera kumudzi chimanjamanja.

Tsiku lina m'mamawa, nkhalamba ina inakwera bwato pamodzi ndi mdzukulu wake. Isanapalase, inamuveka mnyamatayo chovala choyandamitsa munthu pamadzi.

“Agogo, ine ndimatha kusambira,” anatero mnyamatayo.

“Ndikudziwa, mdzukulu wanga,” inayankha nkhalambayo. “Koma madzi awa ali ngati mpeni. Ukagweramo, mpweya umabanika, manja ndi miyendo zimauma msanga. Ngakhale katswiri wosambira amamira. Ndiponso bwato likagunda chitsa, likhoza kutikhuthula.”

Anapalasa pang'onopang'ono mpaka anafika pa zitsa zina. Nkhalamba ija inakola kansomba kamoyo ku mbedza yaing'ono, ndi kumangirira kanthu koyandama ku chingwe. Inaonetsetsa kuti nyambo ilendewere pamwamba pang'ono pa malo okhala nsombazo, pakuti crappie imakonda kudya chimene chili kumtunda kwake.

Nthawi inapita ndithu. Zala za mnyamata uja zinachita dzanzi. Pamtengo wina panatera chiwombankhanga cha mutu woyera, chofanana ndi nkhwazi yathu, nachonso chikudikira nsomba. Mwadzidzidzi kanthu koyandama kaja kanagwedezeka. Mnyamatayo anakoka ndi mphamvu zake zonse, koma mbedza inatuluka yokha.

“Milomo ya nsomba iyi ndi yopyapyala ngati pepala,” anatero agogo ake. “Ukakoka mwaukali, imang'ambika. Nyamula mofatsa, chingwe chisakhwefuke.”

Kachiwiri mnyamatayo anaugwira mtima. Ananyamula mbedza modekha, ndipo nsomba yonyezimira inalowa m'bwato ikuphiriphitha. Popeza crappie zimayenda m'magulu, anagwira zinanso pamalo omwewo. Zitakwana ndiwo za banja lawo, nkhalamba ija inakulunga chingwe chake, ngakhale kuti nsomba zinali zikudyabe nyambo.

Kodi n'chifukwa chiyani msodzi wanzeru amaleka nsomba zikadalipo? Masabata ochepa akapita, madzi amafunda kufika pa madigiri 15 kapena kupitirira pang'ono. Pamenepo crappie zimasendera m'madzi osaya kukaswana. Yamphongo imasesa pansi ndi kukonza chisa, yaikazi imaikiramo mazira zikwizikwi, ndipo yamphongo ija imalondera mazirawo kufikira ataswa. Nsomba iliyonse yotsala m'nyanja m'mwezi wa Malichi ndiyo kholo la nsomba za chaka chamawa. N'chifukwa chake boma la chigawocho limafuna kuti msodzi wamkulu akhale ndi chiphaso, ndipo linaika malire a nsomba zimene munthu mmodzi angatenge pa tsiku. Nafenso pa Nyanja ya Malawi tili ndi miyezi imene makoka ena amaletsedwa, kuti chambo chiswane mwamtendere.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Msodzi wa m'madzi ozizira amadekha katatu: poyendetsa bwato, poyembekezera nsomba, ndiponso poikoka. Koma nzeru yoposa zonsezi ndiyo kudziwa nthawi yolekera, kuti ana ake adzapezemo nsomba m'nyanjamo.

Mafunso

1. Kodi nyanja ya Reelfoot inabadwa bwanji?
2. Tchulani mitundu iwiri ya crappie, ndipo fotokozani kusiyana kwake.
3. N'chifukwa chiyani mnyamata uja anavala chovala choyandamitsa chonsecho amatha kusambira?
4. Kodi nsomba yoyamba inapulumuka bwanji?
5. Kodi crappie yamphongo imagwira ntchito yanji pa nthawi yoswana?
6. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti “kuona maso a nkhono n'kudekha”.