Motoka Yabwino Ndi Iti?

Anzanga acinyamata, pali nkhani ziwiri zimene sizitha tikakumana: mpira ndi mamotoka. Pa mamotoka aliyense ali ndi mbali yake. Wina amati Toyota ilibe inzake cifukwa zitsulo zake zimapezeka paliponse, kuyambira ku Soweto mu Lusaka mpaka ku Lundazi. Wina amati munthu waulemu wake amayenda pa Benz. Winanso amatama Honda Fit kapena Vitz cifukwa sizimwa mafuta ambiri. Coseketsa n'cakuti ambiri a ife okangana motere tilibe ngakhale njinga! Ine sinditsutsa cikondi cimeneci ai. Koma ndikamvetsera, ndimaona kuti mkangano wathu umathera pa dzina, liwiro ndi penti, pamene funso lalikulu limatsala: kodi motokayo isamalidwa bwanji?

Kuti tione kukula kwa funsoli, tiyambe ndi kumene mamotoka athu amacokera. M'zaka za m'ma 1970 dziko lathu linali ndi fakitale ku Livingstone yolumikiza mamotoka a Fiat, ndipo makolo athu ambiri anali kuyenda pa mabasi a boma a UBZ. Pambuyo pa 1991 malonda anamasulidwa, fakitale ija inafa, UBZ inatsekedwa mu 1995, ndipo miseu inadzala ndi maminibasi ndi mamotoka akale ocokera ku Japan. Mpaka lero ambiri amatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowera pa Nakonde. Amatiyenera cifukwa ku Japan, monga kuno, amayendera kumanzere kwa mseu. Kumeneko lamulo limafuna kuti motoka ipimidwe ikakwanitsa zaka 3, ndiponso zaka 2 zilizonse pambuyo pake. Kupimitsako kumadya ndalama, conco ambiri amagulitsa yakale ndi kugula ina. Motero imene ife timati ndi yatsopano inayamba kale kukalamba, ndipo inazolowera miseu yosalala. Ikafika kuno imakumana ndi fumbi, maenje ndi katundu wopyola muyeso.

Ndiye cifukwa cake moyo wa motoka uli m'manja mwa woisamalira. Amakanika ambiri kuno amalangiza kusintha oilo ndi fyuluta yake pa makilomita 5,000 alionse. Oilo akakalamba ndi kuda saterera bwino, zitsulo zimakhulana, ndipo tsiku lina mumangomva kuti injini yanoka. Pamenepo ndalama ya oilo imene mwini wake anaumira imakhala yaing'ono poilinganiza ndi ya injini ina. Madzi a mu rediyeta afunika kuwaona m'mawa injini ikali yozizira. Mukatsegula cotsekera cake injini ili yotentha, madzi owira adzakuthovukirani kumaso. Tayala nalonso lili ndi msinkhu wake. M'mbali mwake muli manambala anayi osonyeza pamene linapangidwa: 2319 atanthauza mlungu wa 23 wa caka ca 2019. Mphira umauma ndi zaka ngakhale mizera yake ikali kuoneka, ndipo apa ndi pamene matayala a salaula amanamiza anthu ambiri.

Mwina wina anganene kuti, "Ine ndilibe motoka, nanga zimenezi zindikhudza bwanji?" Zitikhudza tonse, pakuti tonse timakwera. Ine ndine amene ndimafunafuna basi gulu lathu likakhala ndi ulendo. Caka catha tinali kucoka ku Lusaka kupita ku Petauke, ndipo inabwera Rosa yonyezimira, nyimbo zili m'mwamba. Anyamata ndi atsikana anaomba m'manja. Koma mnyamata wina amene aphunzira umakanika, amenenso satulutsa mau ambiri m'mikangano yathu ija, anakagwada pa tayala lakutsogolo. Anapeza kuti linali ndi zaka 9, ming'alu m'mbali, ndi cotupa conga dzira. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anafunsa dalaivala mwaulemu kuti, "Pepani akuluakulu, kodi tayala ili lidzaoloka Luangwa?" Dalaivala anaseka nati, "Iwe mwana, basi iyi yacoka ku Chipata dzulo lomweli." Ife tinakana kukwera kufikira tayala litasinthidwa, ndipo tinayembekeza maola awiri. Ena anadandaula kuti, "Si tapemphera kale? Mulungu adzatisunga." Inde tinapemphera, ndipo tiyenera kutero. Koma tikumbukire kuti Ambuye Yesu anakana kudziponya pansi kucokera pamwamba pa kacisi pofuna kuyesa Mulungu. Kunyamula ana a eni pa tayala lotupa, titaliona ndi maso athu, ndi kuyesa Mulungu komweko.

Amene munayendapo pa Great East Road mudziwa mapiri a Manenekera, kumene mseu umakhotakhota ndipo phompho lili pafupi. Tayala lakutsogolo likaphulika pamalo otere, ciongolero cimam'pulumuka dalaivala ngakhale akhale katswiri. Pamene tinali kutsika mapiriwo, mnzathu uja anandinong'oneza kuti ndimvetsere kulira kwa injini. Dalaivala anali atalowetsa giya yaing'ono, ndipo anali kucita bwino, cifukwa woponda mabuleki osalekeza potsika phiri amawatenthetsa kufikira aleka kugwira. Ndinazindikira kuti pakati pa ife tonse otama mamotoka, amene anali kuwakondadi ndi iyeyu.

Tsono inu okonda mamotoka, cikondi canu cisathere pakamwa, cifike m'manja. Pa Ciweru pitani ku garaji ya kufupi ndi kwanu, mupemphe amakanika kuti muziwapatsira sipanala uku mukuona. Safunsa anadya phula. Ngati mtima wanu uli pamenepo, masukulu a nchito zamanja monga Chipata Trades amaphunzitsa umakanika, ndipo khomo ndi lotseguka kwa atsikana omwe. Malinga ngati dziko lathu ligula mamotoka akale, munthu wodziwa kuwakonza moona mtima, wosaika citsulo cabodza ndi kulipiritsa mtengo wa ceniceni, sadzasowa nchito.

Ndipo inu atsogoleri anzanga, paulendo uliwonse sankhani munthu mmodzi woyendera basi anthu asanakwere. Aone matayala onse pamodzi ndi lapadera, afunse ngati jeke ilipo, awerenge pepala la RTSA lili pa galasi ngati masiku ake sanathe, ndipo aonetsetse kuti okwera sapyola mipando. Zimenezi sizitenga ngakhale mphindi 10. Makolo akatipatsa ana ao m'mawa safunsa ngati basi ndi Toyota kapena Mitsubishi. Iwo angofuna kuti madzulo tiwabwezere onse amoyo.