Pa Zenera la Mankhwala

Ife a kunyanja timalidziwa bwino zenera lolandirira mankhwala. Kaya tikuchokera ku Senga Bay, Lifuwu kapena Chipoka, malungo ndi likodzo zimatifikitsa pamenepo kawirikawiri, kabuku ka kuchipatala kali m'manja.

Akuluakulu akamayesa ntchito ya wopereka mankhwala amayamba ndi makadi a m'sitolo: makatoni angati anabwera kuchokera ku Central Medical Stores Trust, angati atuluka, angati atha masiku. Kuwerengako n'kofunika ndithu. Mankhwala a boma akhala akupezeka m'misika, ndipo mu 2016 Unduna wa Zaumoyo unachita kukhazikitsa gulu lofufuza za kubedwa kwa mankhwala. Koma khadi silinganene zimene zinawachitikira agogo athu.

Chaka china m'mwezi wa Ramadhani agogo anapezeka ndi malungo pa chipatala china. Mnyamata wa pazenera anangokankha paketi ya LA, maso ali kwina: "Anayi m'mawa, anayi madzulo. Wina!" Agogo, posafuna kumasula swaumu, ankamwa kamodzi kokha, nthawi ya futari. Ife sitinazindikire, tinatanganidwa ndi usipa pa thandala. Sabata isanathe thupi linatenthanso, miyendo yosayenda.

Titabwerera nawo tinapeza mayi wina pazenera lomwelo. Asanatenge mankhwala anafunsa m'Chiyao, "Anganga, kodi mwafunga?" Kenaka anafotokoza mofatsa kuti LA, amene analowa m'malo mwa Fansidar mu 2007, sali ngati Fansidar uja womwa tsiku limodzi basi. Amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, ulendo wachiwiri patatha maola 8, ndipo amafuna chakudya cha mafuta monga mkaka kapena phala la nsinjiro. Za swaumu sanalowerere. Anati, "Zimenezo kafunseni a Shehe." A Shehe nawo anawakumbutsa agogo kuti wodwala amaloledwa kumasula n'kudzabweza masikuwo akachira.

Pamzere anthu anang'ung'udza kuti mayiyo akuchedwetsa, ndipo tivomere, masiku ena ong'ung'udzawo timakhala ife tomwe.

M'makadi a m'sitolo, mnyamata uja ndi mayi uja anagwira ntchito yofanana: aliyense anatulutsa mapiritsi 24. Nkhaniyi tinakawauza a komiti ya chipatala ya m'dera lathu, omwe amachitira umboni mankhwala akamatsitsidwa m'galimoto. Tinawapempha kuti tsiku lina akaime chapafupi ndi zenera, angomvetsera. Anati akayesa Lachiwiri.