Musanalipile fizi ya masters, kwelani basi ya ku Nakonde

Imwe amene mwasunga tundalama kuti muyambe masters ya International Business, bwelani tikambe. Ine nili m'caka caciwili. Nimaphunzila m'madzulo nikakomboka ku nchito, ndipo Ciwelu conse cimasilila m'kalasi. Maphunzilo aya amakoma ngati muli kale na katundu m'mutu wamene mufuna kugula kapena kugulitsa kunja. Ngati mufuna cabe cithunzi ca gauni pa Facebook, mwandi ndalamazo gulilani ploti.

Dziko lathu lilibe doko, koma lazungulilidwa na maiko 8. Feteleza, mafoni na salaula zimayamba zatsikila ku Dar es Salaam, Beira, Durban kapena Walvis Bay, ndiye zibwele na thilaki. Likulu la COMESA lili mu Lusaka muno, mu Ben Bella Road. Ndiye kuti malonda a pakati pa maiko tikhala nao, yendani cabe mu Kamwala muone.

Amai anga aang'ono amaoda vitenge na mpunga ku Nakonde. Sukulu anasiyila Grade 7, koma mtengo wa dola na shilingi amaudziwa asanamwe tiyi. Cimene a lecturer amati exchange rate risk, iwo amati, "Mwana wanga, dola yakwela, lelo sitioda." Pamene kwacha inagwa kwambili mu 2015, sanafunikile buku kuti amvetse. Anaciona m'cikwama.

Manje sukulu iwonjezelapo ciani? Mapepala na malamulo, pamene ambili amaluzila ndalama. Tengani Incoterms, malamulo 11 amene amaonetsa pamene udindo wa wogulitsa usilila. Wa fakitale ku Guangzhou akakupatsani mtengo wa FOB, iye mbali yake yasila katundu akakwela m'sitima. Ndalama ya sitima, inshuwalansi, doko, thilaki na msonkho wa ZRA, zonse ni zanu. Mtengo uja unaoneka wochipa umafika pa shopu utanenepa.

Cina ni certificate of origin, pepala loonetsa kumene katundu anapangidwa. Lingakucotseleni duty pa boda. Koma Tanzania inacoka mu COMESA mu 2000, conco katundu wopangidwa kumeneko amayendela pepala la SADC. Tsiku limene n'nawafotokozela izi amai aang'ono, ananiyang'ana n'kuti, "Ndiye fizi yako yayamba kubwela." Palinso AfCFTA, msika wa Africa yonse umene unatsegulidwa pa 1 January 2021. Ofuna anthu odziwa malamulo ake adzaculuka.

Musanapeleke ngwee, onani ngati yunivesiti inalembetsedwa ku Higher Education Authority. Ngati digili ni yakunja kapena ya pa intaneti, funsani ngati ZAQA idzaivomeleza. Amene mulota za ku Britain, Chevening imafuna kuti mukhale mutagwilako nchito zaka ziwili, ndipo mukasiliza mubwelele kwanu kwa zaka ziwili. Funsaninso ngati ophunzitsa anatumizako katundu pa boda, olo katoni imodzi.

Dissertation nayo isakhale yongokondweletsa a supervisor. Yanga ni ya uci wa ku North-Western: umacoka bwanji mu mng'oma mpaka pa shelefu ku Europe, ndipo ndalama zambili zimatsala kwa ndani. Aliyense amene nimafunsa ni munthu amene ningacite naye bizinesi mailo.

Ndiye citani ici. Pitani ku Intercity, kwelani basi ya ku Nakonde kapena Chirundu, mukhale tsiku lathunthu pa boda. Kambani na madilaiva a mathilaki na ma clearing agent, muwafunse cimene cimawagoneka pa mzele. Mukabwelako muli na mafunso odzala buku, kalipileni fizi. Mukabwelako na mpunga cabe, palibe cilango, phikani mudye.